Kulemera, kuchuluka ndi masiku: mmene mungagawire ntchito mukafuna mphamvu pa zitsulo

Anthu ambiri amene amasiya kunyamula zitsulo si aulesi. Ndimawaona pa shedi yathu ya malata kuno ku Chawama mu Lusaka, pomwe tili ndi mabenchi awiri, raki (choikapo ndodo yonyamulira) yowotcherera ku Kalingalinga ndi mapuleti (zitsulo zolowetsa kumapeto kwa ndodoyo) osakanikirana, ena a m'sitolo, ena ochotsa ku magalimoto akufa. Kumabwera makondakitala a minibasi, anyamata oumba mabuloko, amayi ogulitsa pa msika, ndi abambo amene kuchipatala anawauza kuti azilimbitsa thupi. Amene amagwa msanga ndi akhama aja. Amafuna chitsulo cholemera, maseti ambirimbiri, tsiku ndi tsiku, zonse pakamodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Miyezi iwiri makilo amakwera bwino, kenako amaima, kenako phewa layamba kubaya, ndipo munthu uja sitimuonanso.

Zinthu zimene wonyamula zitsulo angazikweze kapena kuzitsitsa zilipo zitatu. Choyamba ndi kulemera kwa chitsulo poyerekeza ndi mphamvu zanu. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito, ndiko kuti maseti ndi marepu onse a pa sabata mukawaphatikiza (repu ndi kunyamula kamodzi, seti ndi marepu otsatizana musanapume). Chachitatu ndi masiku, kuti skwati (kunjuta n'kudzuka ndodo ili pamapewa) kapena benchi (kukankha ndodo mutagona chagada pa benchi) mumaibwerera kangati sabata isanathe. Zitatuzi zimadya m'thumba limodzi, lomwe ndi mphamvu imene thupi lili nayo yodzikonza mukapuma. Zili ngati malipiro a pamwezi: lendi ikakwera, ndalama ya ndiwo kapena ya basi iyenera kutsika, apo ayi mulowa m'ngongole. Ngongole ya thupi imalipidwa ndi bondo, phewa ndi msana. N'chifukwa chake aliyense wobwera kwa ine ndimamuuza kuti akakweza chimodzi, china chitsike kapena chiime pomwe chili.

Yambani ndi kulemera

Mphamvu ndi luso, ndipo luso lonyamula chinthu cholemera thupi limaliphunzira pochinyamula chinthucho. M'masabata oyambirira munthu amawonjezera makilo mofulumira minofu isanakule n'komwe, chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kudzutsa timinofu tambiri nthawi imodzi n'kutigwiritsa ntchito mogwirizana. Marepu 20 a chitsulo chopepuka amakulitsa minofu mukafika potopa, zimenezo n'zoona. Koma sakuphunzitsani kuima pansi pa makilo 120 miyendo osanjenjemera.

Kulemera timakuyeza ndi chitsulo chachikulu kwambiri chimene mungachinyamule kamodzi kokha mosapotoka, chomwe m'mabuku amalemba kuti 1RM. Bungwe la American College of Sports Medicine linatulutsa malangizo mu 2009 akuti oyamba kumene azinyamula pakati pa 60 ndi 70 peresenti ya 1RM, marepu 8 mpaka 12, pomwe amene akhala nthawi yaitali azisinthasintha pakati pa 80 ndi 100 peresenti. Ine ntchito yambiri ya munthu wofuna mphamvu ndimaiika pakati pa 70 ndi 85. Ku 90 timapitako mwa apo ndi apo, ndipo sitikhalitsako.

Simukuyenera kudziyesa ndi repu imodzi yoopsa kuti mudziwe 1RM yanu. Pali masamu achidule. Tengani chitsulo chimene mungachinyamule marepu osafika 10, muchinyamule mpaka mutaona kuti ina siingatheke. Tinene kuti ndi makilo 80, marepu 5. Chulukitsani 80 ndi 5, mupeza 400. Gawani ndi 30, mupeza 13 ndi kachidutswa. Wonjezerani pa 80 paja, 1RM yanu ili pafupi ndi makilo 93. Ndiye kuti 70 peresenti yanu ndi makilo 65, 80 peresenti ndi 75, ndipo 90 peresenti ndi 84. Masamuwa ndi ongoyerekeza, amatha kuphonya ndi makilo ochepa, koma ndi okwanira kuyalirapo pulogalamu.

Pali muyeso wina womwe sufuna pensulo: mukamaliza seti, dzifunseni kuti mukanatha kuchita marepu ena angati. Pa maseti ambiri muzitsala ndi awiri kapena atatu. Pa tsiku lolemera mutha kutsala ndi imodzi. Apa ndi pomwe ndimakangana ndi anyamata Lolemba madzulo. Mmodzi wagona pa benchi, anzake amuzungulira akukuwa kuti "Ina! Ina!", chitsulo chaima pakati pa chifuwa ndi denga, matako achoka pa benchi, nkhope yatupa, ndipo womugwirira akukoka ndi manja onse awiri uku akunena kuti "Ndiwe wekha, sindikugwira." Akadzuka ndimamuitanira pambali. "Mphwanga, marepu atatu omalizawo ananyamula ndi mnzakoyu. Iwe wangotengapo kutopa." Kufika polephera seti iliyonse sikuwonjezera mphamvu kuposa kusiya pang'ono, koma kumatalikitsa masiku amene thupi lifunika kuti libwerere, ndipo kumakuzolowezani kunyamula mopotoka.

Pakati pa maseti olemera pumani mphindi zitatu, ngakhale mpaka zisanu pa skwati ndi dedilifiti (kunyamula ndodo kuchokera pansi mpaka mutaimirira). Wofulumira kubwerera pa chitsulo amasandutsa ntchito ya mphamvu kukhala ya mpweya, ndipo seti yachitatu imaoneka yolemera pomwe vuto ndi kupuma kochepa chabe.

Kuchuluka: werengani maseti enieni okha

Maseti otenthetsera thupi sawerengedwa. Mukayamba skwati ndi ndodo yokha, kenako makilo 40, kenako 60, musanafike pa 80 wanu, amenewo ndi njira chabe. Timawerenga maseti amene ali pa kulemera kwa ntchito, amene mukamaliza mumatsala ndi marepu atatu kapena kucheperapo.

Pa chonyamula chachikulu chilichonse, maseti enieni 5 mpaka 10 pa sabata amakwanira anthu ambiri kwa nthawi yaitali. Woyamba kumene amapita patsogolo ndi ochepa. Amene wanyamula zaka zingapo angafune ochulukirapo, makamaka ngati akufunanso kuti minofu ikule, pakuti kukula kwa minofu kumatsata kwambiri kuchuluka kwa maseti. Koma phindu silikwera mofanana ndi maseti. Seti yoyamba ndi yachiwiri zimapereka zambiri, yachisanu imapereka zochepa, ndipo yakhumi pa tsiku limodzi kawirikawiri imangowonjezera kutopa.

Mphunzitsi wina wa ku Soviet Union, Alexander Prilepin, cha m'ma 1970 anasanthula mabuku amene akatswiri onyamula zitsulo ankalembamo ntchito yawo, n'kukonza tebulo lomwe mpaka lero makochi amaligwiritsa ntchito. Limaonetsa bwino mmene kulemera ndi kuchuluka zimasinthanirana. Pakati pa 70 ndi 80 peresenti, marepu 3 mpaka 6 pa seti, onse pamodzi 12 mpaka 24 pa tsikulo. Pakati pa 80 ndi 90, marepu 2 mpaka 4 pa seti, onse pamodzi 10 mpaka 20. Kupitirira 90, repu imodzi kapena awiri pa seti, ndipo onse pamodzi asapose 10. Anthu ake anali a mpikisano wa Olympics, onyamula mothamanga kupititsa pamwamba pa mutu, choncho manambalawa sindiwatenga ngati lamulo pa skwati ndi benchi. Chimene ndimatengapo n'chakuti chitsulo chikamalemera, marepu amatsika. Munthu akandiuza kuti akufuna maseti asanu a marepu asanu pa 90 peresenti, ndimadziwa kuti mwina 1RM yake anaiwerenga molakwika, mwina sadzamaliza.

Masiku

Apa anthu amakangana kwambiri, koma nkhani yake ndi yaifupi. Ofufuza akayerekeza magulu amene achita maseti ofanana pa sabata, ena pa tsiku limodzi, ena atawagawa masiku awiri kapena atatu, kusiyana kwa mphamvu kumakhala kochepa. Ubwino wa masiku ambiri ndi wakuti ntchito imagawika. Maseti 9 a skwati pa tsiku limodzi, pofika yachisanu ndi chimodzi msana wayamba kupindika ndipo mwachotsa kale makilo. Maseti omwewo mukawagawa atatuatatu Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, iliyonse mumaichita ndi miyendo yatsopano, ndipo luso mwalibwereza katatu.

Minofu imakhala ikudzikonza kwa tsiku limodzi kapena awiri mutaigwiritsa ntchito yolemera, n'chifukwa chake ndimasiya tsiku pakati musanabwerere pa minofu yomweyo molemera. Chonyamula chilichonse kawiri kapena katatu pa sabata, ndi pomwe ndimaima. Dedilifiti yokha ndimaichita kamodzi, nthawi zina kawiri koma kachiwiriko mopepuka, chifukwa imatopetsa msana ndi manja kuposa zinzake zonse. Pulogalamu ija yoti Lolemba chifuwa, Lachiwiri msana, Lachitatu mapewa, miyendo kamodzi ngati nthawi ilipo, ndi ya anthu okulitsa thupi kuti alionetse. Wofuna mphamvu imamuchedwetsa.

Sabata ya woyamba kumene

Masabata atatu kapena anayi oyambirira ndi ophunzira kayendedwe. Chitsulo chopepuka, marepu 8 mpaka 10, maseti awiri kapena atatu. Ndodo ya m'majimu imalemera makilo 20, ya amayi 15, ndipo kwa ambiri ndodo yokhayo imakwanira tsiku loyamba. Pa skwati ndimayang'ana kuti zidendene zisachoke pansi, mawondo atsate kumene zala za kumapazi zaloza, ndipo chiuno chitsike mpaka ntchafu zitagona. Pa dedilifiti ndodo ikhule miyendo pokwera, msana usapindike.

Kayendedwe kakakhazikika timapita ku marepu asanu, masiku atatu pa sabata, ndi mitundu iwiri ya tsiku yomwe imasinthana. Tsiku la mtundu woyamba ndi skwati maseti 3 a marepu 5, benchi maseti 3 a marepu 5, ndi kukoka ndodo mutawerama maseti 3 a marepu 8. Tsiku la mtundu wachiwiri ndi skwati yomweyo, kukankha ndodo pamwamba pa mutu muli chiimire maseti 3 a marepu 5, dedilifiti seti imodzi kapena ziwiri za marepu 5, ndi kudzikoka pa chitsulo chopingasa maseti atatu. Sabata ino mumachita woyamba, wachiwiri, woyamba. Sabata yamawa wachiwiri, woyamba, wachiwiri. Ola limodzi limakwana.

Pa pulogalamu imeneyi maseti ndi masiku zimaima pomwepo, chomwe chimayenda ndi kulemera kokha. Mukamaliza marepu onse bwinobwino, ulendo wotsatira onjezani makilo 2.5 pa skwati ndi dedilifiti, ndipo kilo imodzi kapena awiri pa benchi ndi pa mapewa. Zimaoneka zochepa. Koma makilo 2.5, ngakhale kawiri kokha pa sabata, ndi makilo 20 pa mwezi, ndipo palibe thupi lomwe lingapitirize choncho mpaka kalekale. Ndiye musathamangire kuwonjezera maseti pomwe makilo akukwerabe okha. Maseti owonjezerawo mudzawafuna kutsogolo.

Vuto la mapuleti a m'komboni

Zonsezi zimafuna kuti mudziwe kulemera kwa chimene mwanyamula, ndipo m'mashedi athu ambiri palibe akudziwa. Pali fulaiwilo ya lole, ma disiki a mabuleki, simenti youmbira m'zitini za penti. Wina amati ichi ndi 20, wina amati ndi 25. Ife tinazikweza zonse pa wilibala n'kupita nazo kwa ogula zitsulo zakutha, tinaziika pa sikelo chimodzichimodzi, n'kulemba nambala pa chilichonse ndi penti yoyera. Ma disiki awiri amene ankaoneka ofanana anapezeka kuti akusiyana ndithu, ndipo anyamata ankadabwa chifukwa chomwe dzanja limodzi limatsalira pa benchi. Simenti nayo imagumuka m'mbali n'kumapepuka, choncho iyenera kubwerera pa sikelo pakapita nthawi. Ndodo yowotcherera nayonso muiyeze, musangoganiza kuti ndi 20.

Vuto lachiwiri ndi kudumpha kwakukulu. Malangizo a 2009 aja amati muziwonjezera pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Munthu wa benchi ya makilo 40 amene puleti yake yaying'ono kwambiri ndi ya makilo 5 amadumphira pa 50, komwe ndi 25 peresenti, ndipo amalephera. Pezani tizitsulo tating'ono: manati akuluakulu, zidutswa za tcheni, mawasha, muziyeze n'kuzimanga ziwiriziwiri zofanana. Botolo la madzi la theka la lita limalemera theka la kilo, ndipo mutha kulimangirira mbali iliyonse ndi lamba wa chubu kuti lisagwedezeke. Ngati kudumpha kwanu kochepetsetsa ndi makilo 5, kwerani ndi marepu kaye. Yambani ndi maseti 3 a marepu 5, ulendo wina 6, wina 7, mpaka 8. Mukafika pamenepo onjezani makilo asanu aja n'kutsikira pa marepu 4. Apa mwakweza kuchuluka kulemera kutaima, kenako mwakweza kulemera kuchuluka n'kutsika.

Makilo akaima

Tsiku lidzafika loti mwalephera kumaliza marepu anu. Kamodzi si nkhani, mwina simunagone bwino. Mukalephera chitsulo chomwecho maulendo awiri kapena atatu otsatizana, chotsani 10 peresenti n'kuyambanso kukwera. Kawirikawiri mumadutsa pomwe munaima paja. Mukaimanso pomwepo kachiwiri, ndiye kuti nthawi yokwera tsiku lililonse yatha, ndipo muyenera kuyamba kukwera pa sabata.

Ambiri amasokonezeka pamenepa. Amaganiza kuti aima chifukwa ntchito yachepa, ndiye amawonjezera tsiku lachinayi ndi lachisanu, amawonjezera maseti, chitsulo chili cholemera chomwecho. Zoona zake n'zakuti tsopano muli ndi mphamvu zokwanira kudzitopetsa kwambiri kuposa kale. Skwati ya makilo 110 imafuna nthawi yopuma yoposa ya makilo 60, ngakhale marepu ali ofanana. Chofunika ndi kulekanitsa masiku, kuti lililonse likhale ndi ntchito yake.

Tiyerekeze munthu amene 1RM yake ya skwati ndi makilo 120. Lolemba ndi tsiku la kuchuluka: makilo 90, omwe ndi 75 peresenti, maseti 4 a marepu 5. Lachitatu ndi tsiku lopepuka: makilo 72.5, maseti 2 a marepu 5, kungokumbutsa thupi kayendedwe. Lachisanu ndi tsiku la kulemera: makilo 102.5, pafupifupi 85 peresenti, maseti 4 a marepu 3. Sabata yotsatira onjezani makilo 2.5 pa Lachisanu, ndipo pa Lolemba muwonjezere pokhapokha ngati marepu 20 aja anatha mutatsala ndi mphamvu. Benchi muichite mofananamo koma musinthanitse masiku, kuti tsiku lolemera la skwati lisakumane ndi lolemera la benchi ndi dedilifiti pamodzi.

Tsiku lopepuka lija ndi lomwe anthu amaliwononga. Munthu amafika Lachitatu, thupi likumva bwino, anzake alipo, n'kuwonjezera mapuleti. Lachisanu likafika miyendo ndi yolemera ndipo makilo 102.5 akana. Ndimaimirira pafupi ndi raki Lachitatu dala, chifukwa cha zimenezi.

Pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi a ntchito yotere, ikani sabata yopumira. Pitani ku jimu masiku omwewo, koma maseti muwadule pakati ndipo makilo atsike pafupifupi 10 peresenti. Kutopa kumachoka mofulumira kuposa mphamvu, n'chifukwa chake sabata yotsatira chitsulo chimamveka chopepuka. Mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imazolowera ntchito pang'onopang'ono kuposa minofu yeniyeni, ndipo sabata imeneyi imaipatsa mpata.

Ntchito ya masana nayo imawerengedwa

Mapulogalamu ambiri amene anyamata amawapeza pa YouTube analembedwera munthu wokhala pa mpando mu ofesi tsiku lonse. Mnyamata wokankha wilibala ya katundu ku Soweto Market kuyambira m'bandakucha, kapena wonyamula matumba a simenti a makilo 50 pamalo omanga, msana wake wachita kale maseti asanafike pa shedi. Mayi wotunga madzi m'zigubu za malita 20 wanyamula makilo 20 ulendo uliwonse. Anthu otere sindiwapatsa pulogalamu yofanana ndi ya mlonda kapena wa mu ofesi. Masiku awiri pa sabata, maseti awiri kapena atatu pa chonyamula chilichonse, kulemera kukhale kwenikweni, ndipo dedilifiti ikhale tsiku loti mawa lake sagwira ntchito. Amapita patsogolo bwino, nthawi zambiri kuposa amene amabwera kasanu.

Thumba lija limakula ndi tulo ndi chakudya. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Amene amagwira ntchito usiku, kapena amadzuka 4 koloko kukakwera basi ya m'tauni, achepetse maseti m'malo modzikakamiza. Pa chakudya, ofufuza amapeza kuti mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi patsiku amakwanira wonyamula zitsulo. Munthu wa makilo 70 ndiye kuti afuna pafupifupi magalamu 110. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Soya wouma wa m'mapaketi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Mtedza uli ndi pafupifupi magalamu 25 pa magalamu 100 aliwonse, nyemba zouma zoposa 20 pang'ono. Kapenta, mkaka, nkhuku ikapezeka. Nsima musaiope, ndi imene imakupatsani mphamvu yomalizira maseti, koma mbale ya ndiwo ikule. Sizifuna zitini zodula za ufa wa m'masitolo. Majakisoni ndi mapilisi okulitsa thupi amene ena amagulitsana mobisa ndimawakana poyera: amawononga mtima ndi chiwindi, amasokoneza mphamvu yobereka, ndipo wondibweretsera zimenezo pa shedi ndimamubweza.

Nyengo nayo imadya m'thumba lomwelo. Mu Okutobala pansi pa malata pamatentha moti seti yachitatu imakhala ngati yachisanu, choncho timanyamula m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ndi botolo la madzi pambali, ndipo ndimadula seti imodzi pa chilichonse. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, ndodo imaluma m'manja, ndipo maseti otenthetsera ayenera kuchuluka musanafike pa kulemera kwa ntchito. Magetsi akazima madzulo, benchi yolemera timaisiya. Musagone pansi pa chitsulo cholemera mumdima, kapena popanda wokugwirirani.

Amayi ndi achikulire

Malamulo ndi omwewa. Bungwe la World Health Organization mu 2020 linalangiza kuti munthu wamkulu aliyense azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo okalamba ali m'gulu lomwelo. Amayi ena amafika ndi mantha akuti adzaoneka ngati amuna. Ndimawauza kuti, "Mayi, chimene mudzayambe kuona ndi chakuti thumba la ufa la makilo 25 mukulitsitsa nokha m'basi." Kwa amayi makilo owonjezera pa benchi ndi pa mapewa akhale ang'onoang'ono kwambiri, theka la kilo mbali iliyonse, chifukwa kudumpha kwa 2.5 pa chitsulo cha 25 ndi 10 peresenti yathunthu. Abambo ndi amayi opitirira zaka 50 ndimawayambitsa ndi masiku awiri, marepu 6 mpaka 10, ndipo ku 90 peresenti sitipitako. Amene ali ndi BP, matenda a shuga kapena vuto la mtima ayambe aonana ndi a chipatala, ndipo ponyamula asamange mpweya nthawi yaitali.

Zikavuta, chotsitsa choyamba n'chiti

Pamakhala masabata a maliro, a mayeso, a mwana wodwala, kapena ntchito yachuluka kumapeto kwa mwezi. Musasiye zonse. Dulani maseti kaye. Zikakanikabe, dulani masiku. Kulemera kukhale komalizira kutsika. Kafukufuku waonetsa kuti munthu angathe kudula ntchito yake mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo atatu, mphamvu osatsika kwa masabata ambiri, malinga ngati chitsulo chikadali cholemera. Ndiye pa sabata yovuta, maseti awiri olemera a skwati, awiri a benchi ndi imodzi ya dedilifiti, pa tsiku limodzi kapena awiri, adzakusungirani zomwe munapeza.

Zimasintha ngati vuto ndi ululu. Kuphwanya kwa minofu komwe kumabwera tsiku lotsatira n'kutha pakadutsa masiku awiri kapena atatu n'kwachibadwa, makamaka mukayamba chinthu chatsopano, ndipo si umboni woti mwagwira ntchito yabwino kapena yoipa. Ululu wobaya pa malo amodzi, m'bondo, m'chigongono, kutsogolo kwa phewa, umene umakula seti iliyonse, ndi wina. Pamenepo kulemera ndi kumene kuyenera kutsika koyamba, kapena musinthe kagwiridwe, kapena musiye chonyamulacho kwa kanthawi n'kumachita zina zosawawa. Ululu wotsika kuchokera kumsana kupita kumwendo, dzanzi, kutupa, kapena kupweteka kosatha masabata awiri, zimenezo ndi za kuchipatala, osati za kochi.

Gulani kope la mwana wa sukulu. Tsiku lililonse lembani deti, chonyamula, makilo, maseti, marepu, ndi marepu amene munatsala nawo pa seti yomaliza. Pansi pake mulembe maola amene munagona. Pakatha masabata atatu muwerenge. Ngati makilo akukwera, musasinthe chilichonse. Ngati aima koma mukutuluka pa jimu muli ndi mphamvu, mukugona bwino ndipo palibe powawa, onjezani seti imodzi pa chonyamula chomwe chaimacho, masiku awiri pa sabata, zina zonse zikhale momwemo. Ngati aima ndipo makilo amene anali opepuka mwezi watha ayamba kulemera, tulo tikuvuta, chilakolako chopita ku jimu chachepa, chitani sabata yopumira, ndipo pobwerera muchotse seti imodzi pa chonyamula chilichonse chachikulu. Chimene mwasinthacho muchipatse masabata atatu ena musanakhudze china.